Kumva Nyumba Isanamangidwe

Ndani wa ife sanakhalepo m'holo, wolankhula ali kupfuula ndithu, koma mau ace nasokonekera asanafike kumbuyo? Lero ndikusimbirani m'mene anthu anaphunzirira kumva kaliridwe ka nyumba yoimbiramo njerwa yoyamba isanaikidwe.

Liu likaturuka m'kamwa limayenda mamita pafupi 340 pa sekondi imodzi, limagunda makoma ndi denga, nilibwerera. Likacedwa kuzirala, mau atsopano amagwera pa akale. Likazirala msanga, nyimbo imauma.

M'caka ca 1895, pa sukulu yaikuru ya Harvard ku America, panali cipinda cophunzitsiramo m'mene liu linali kulira koposa masekondi 5. Nchito yocikonza inagwera mphunzitsi wacinyamata, Wallace Sabine. Iyeyu anali kugwira usiku, mzinda uli zii: analiza citoliro ca limba, nawerenga pa koloko nthawi imene liu linazirala, naonjeza mitsamiro ya pa mipando, nayesanso. Comweco anapeza lamulo lakuti kukula kwa cipinda kumatalikitsa liu, ndipo zinthu zofewa zimalimeza. Lamulolo linatsogolera omanga Symphony Hall ya ku Boston, yotsegulidwa mu 1900, imene imatamandidwa kufikira lero.

Koma lamulo limodzi silinena zonse. Philharmonic Hall ya mu mzinda wa New York inatsegulidwa mu 1962, akatswiri atawerengera bwino-bwino. Tsoka ilo, oimba anadandaula kuti sanali kumvana, ndipo mau akulu a pansi anasowa. Mu 1976 eni ace anagumula m'kati monse, namanganso. Taonani mtengo wa kumva cinthu mocedwa!

Njira yatsopano inaonekera mu 1968 ku Trondheim, m'dziko la Norway, kumene Asbjørn Krokstad ndi anzace awiri anaika miyeso ya holo mu kompyuta. Makinawo anaponya mau monga mibvi yambiri kucokera pa malo a oimba, natsata mubvi uli wonse m'kugunda-gunda kwace, kuti aone nthawi ndi kumene ukagwere pakati pa mipando. Pofika zaka za m'ma 1990, mmisiri anatha kubvala zomvera m'makutu, namva nyimbo monga wakhala pa mpando wa m'nyumba imene ikali pa pepala.

Cipatso cace ticiona ku Hamburg, ku Germany, mu Elbphilharmonie, yotsegulidwa mu 2017. Makoma ndi denga lace anazikuta ndi zidutswa pafupi 10,000, ciri conse cosemedwa mwa mtundu wace-wace monga kompyuta inalamulira. Komabe katswiri wa ku Japan, Yasuhisa Toyota, anayamba wayesa mau m'kaholo kacitsanzo, kocepa kakhumi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu. Pajatu mau akulu a pansi amakhota pa ngondya, pamene mubvi sukhota.

Tsono makina amacenjeza womanga njerwa zisanaume, koma mlandu umatha tsiku limene anthu adzaza mipando, oimba nayamba. Woweruza wace ndi khutu lanu. Tsalani bwino.