Kudyera Pamodzi m'Midzi ya Cohousing

Cohousing ndi kakhalidwe komwe mabanja angapo, kawirikawiri 20 mpaka 40, amakhala moyandikana, banja lililonse m'nyumba yake yokhala ndi khitchini yakeyake, koma onse ali ndi nyumba imodzi ya gulu momwe muli khitchini yaikulu ndi chipinda chodyera. Chakudya chamadzulo chophikidwa mosinthana m'nyumba ya gulu imeneyi ndicho chimamanga mudzi wotere. Midzi ina imadyera pamodzi kawiri kapena katatu pa sabata, ina pafupifupi tsiku lililonse.

Chiyambi chake

Poyamba anthu sankadziphikira okha. Mu 1935, mumzinda wa Stockholm ku Sweden, munatsegulidwa nyumba yosanjikizana ya pa John Ericssonsgatan 6, yomwe mapulani ake anajambula ndi Sven Markelius mothandizana ndi Alva Myrdal. Antchito olembedwa ankaphika m'khitchini yapansi, ndipo chakudya chinkakwezedwa kupita m'nyumba za anthu ndi timakina tonyamulira mbale. Cholinga chinali kupeputsa amayi apantchito.

Ku Hässelby, mumzinda womwewo, nyumba ina yomangidwa m'zaka za m'ma 1950 inkakakamiza okhalamo kugula matikiti a chakudya. Mwini wake atatseka malo odyera a m'nyumbayo mu 1976, anthuwo anayamba kudziphikira okha mosinthana. Kuchokera nthawi imeneyo, njira yodziphikira inafala ku Sweden.

Ku Denmark, mudzi wa Sættedammen pafupi ndi Hillerød unayamba mu 1972, ndipo wa Trudeslund ku Birkerød, wa mabanja 33, unatsatira mu 1981. Akatswiri a zomangamanga Kathryn McCamant ndi Charles Durrett anafotokoza za midzi ya ku Denmark m'buku lawo la mu 1988, ndipo mu 1991 mudzi wa Muir Commons unatsegulidwa ku Davis, m'chigawo cha California ku America.

Kagawidwe ka ntchito

Lamulo lofala n'lakuti kudya nawo ndi kufuna kwa munthu, koma kuphika ndi udindo wa wamkulu aliyense. Anthu amagawidwa m'magulu ang'onoang'ono. Gulu lomwe lili pantchito limasankha ndiwo, limakagula zofunika, limaphika, ndipo m'midzi ina limatsukanso mbale. Ku Färdknäppen, nyumba ya ku Stockholm yomwe inatsegulidwa mu 1993 kuti muzikhala anthu opitirira zaka 40 amene sakukhalanso ndi ana, anthu amadyera pamodzi kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo gulu lililonse limaphika sabata imodzi pa masabata 6 alionse.

Ndandanda ya zakudya imakhomedwa pakhoma kapena kuikidwa pa intaneti. Wofuna kudya amalembetsa kukadali tsiku limodzi kapena awiri, n'kutchula alendo ake ndi zakudya zomwe sadya. Polembetsapo m'pamene ophika amadziwira kuchuluka kwa mbatata, mpunga ndi nyama zoti agule, kuti chakudya chisachepe komanso chisatayike.

Kalipiridwe

Ntchito yophika silipidwa. Ndalama zimene anthu amapereka ndi zogulira chakudya basi, n'chifukwa chake mtengo wake umakhala wotsika kuyerekeza ndi wa kulesitilanti. Njira zodziwika ndi izi:

Kugawana mtengo weniweni. Ophika amasunga malisiti, amawonkhetsa zonse zomwe agula, n'kugawa ndi chiwerengero cha odya. Mwachitsanzo, ngati adya akulu 30 ndi ana 10 olipira theka, ndalamazo zimagawidwa m'magawo 35. Msungichuma wa gulu amabwezera ophika ndalama zawo, ndipo mwezi ukatha amatumizira banja lililonse bilu yake.

Mtengo wokhazikika. Gulu limagwirizana mtengo umodzi wa mbale, ndipo ophika amaonetsetsa kuti asapyole malire. Zotsala za tsiku lina zimakwirira kuperewera kwa tsiku lina. Kwina anthu amaguliratu matikiti.

Kulipiriratu mwezi wonse. Banja limapereka ndalama zofanana mwezi uliwonse, kaya lidye kaya lisadye. Mawerengero amaphweka, koma amene amayendayenda amaona ngati akudyeredwa masuku pamutu.

Wophika ndiye wogula. Palibe ndalama zodutsa m'manja mwa msungichuma: lero ukaphika ugula wekha, mawa udya za mnzako. Vuto lake n'lakuti wochepekedwa amachita manyazi akaona zomwe opeza bwino aphika.

Zinthu zokhalitsa monga mchere, mafuta ophikira, ufa ndi sopo, komanso magetsi ndi madzi a m'khitchini, nthawi zambiri zimalipiridwa kuchokera m'thumba la gulu lomwe aliyense amasonkha mwezi ndi mwezi.

Zomwe zimadzetsa mikangano

Madandaulo ofala ndi a anthu olembetsa koma osabwera, ozemba tsiku lawo lophika, msinkhu umene mwana ayenera kuyamba kulipira ngati wamkulu, ndiponso ngati osadya nyama ayenera kulipira mofanana ndi anzawo. Midzi yambiri imathetsa nkhanizi pamsonkhano wa onse, pokambirana mpaka atamvana chimodzi. Wolembetsa amalipira ngakhale asabwere, ndipo okalamba ndi odwala amapatsidwa ntchito zopepuka monga kusenda ndiwo zamasamba kapena kuyala tebulo.

Kudyera pamodzi kumakhalitsa pamene ntchito yagawidwa mwachilungamo ndipo buku la ndalama lili poyera kuti aliyense aliwerenge.