Ngongole kwa Alimi a M'mphepete mwa Nyanja ku Nkhotakota: Komwe Imapezeka ndi Momwe Mungasankhire

Mawu oyamba

Kuyambira Disembala mpaka Malichi, mabanja ambiri ku Nkhotakota amafuna ndalama zambiri nthawi imodzi. Pamafunika feteleza wa chimanga, aganyu owokera ndi kupalira mpunga, fizi ya ana ya teremu ya Januwale, komanso ndalama zopitira kuchipatala malungo akavuta. Nthawi yomweyi chakudya chimakhala chitachepa m'nyumba. Obwereketsa ndalama amaidziwa bwino nyengo imeneyi, ndipo ndi pomwe alimi ambiri amatenga ngongole zomwe zimadzawadyera zokolola zonse.

Ngongole si yoipa payokha. Musanaitenge, iyeseni ndi mafunso awiri: ndidzabweza ndalama zingati zonse pamodzi, ndipo tsiku lobweza likugwirizana ndi nthawi yomwe ndimapeza ndalama? Tsamba lino likufotokoza malo omwe mlimi angapeze ngongole m'dera lake, ndi momwe angayankhire mafunso awiriwa.

Yambani ndi kalendala ya pakhomo panu

Lembani miyezi yomwe ndalama zimalowa pakhomo panu.

- Mpunga wa mvula umawokeredwa cha mu Januwale ndipo umakololedwa cha mu Meyi ndi Juni. Ndalama yolowa m'munda mu Januwale imatenga miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi kuti ibwerere.
- Alimi a m'masikimu a mthirira, monga ya Bua, amatha kulimanso m'chilimwe, choncho ndalama zawo zimalowa kawiri pachaka ngati madzi alipo okwanira.
- Chinangwa cha kondowole chimakhala m'munda chaka chathunthu kapena kuposerapo.
- Alimi a nzimbe ku Dwangwa amalandira ndalama nzimbe zikadulidwa ndi kukalowa kufakitale.
- Geni ya usipa imabweza ndalama msanga, koma imagwa nthawi ya mphepo ya mwera, makamaka kuyambira Juni mpaka Ogasiti, pomwe asodzi amalephera kulowa m'nyanja masiku ambiri.

Ngongole yobweza pakatha mwezi umodzi ingathandize mayi wogula usipa kudoko n'kukagulitsa kumsika. Ngongole yomweyo ikalowa m'munda wa mpunga imavuta, chifukwa tsiku lobweza limafika mpunga usanabereke n'komwe.

Malo omwe ngongole imapezeka

*1. Banki mkhonde*

Ili ndi gulu la anthu odziwana, nthawi zambiri 15 mpaka 25, omwe amasonkha ndalama pogula masheya n'kumabwereketsana. Njirayi inayambitsidwa ndi bungwe la CARE m'dziko la Niger mu 1991, ndipo lero yafala m'midzi yambiri ya ku Malawi.

Gulu limadzipangira malamulo: mtengo wa sheya, chiwongoladzanja, nthawi yobweza ndi chindapusa cha wochedwa. Magulu ambiri salola membala kubwereka kuposa katatu ndalama zomwe wasunga, ndipo ngongole imabwezedwa pakatha mwezi umodzi mpaka itatu. Chiwongoladzanja chimakonda kukhala K10 kapena K20 pa K100 iliyonse pamwezi. Pakatha miyezi 9 mpaka 12 gulu limagawana ndalama zonse molingana ndi masheya a aliyense.

Ubwino wake ndi wakuti safuna mapepala ambiri, ndalama zili pafupi, ndipo chiwongoladzanja chimabwerera kwa eni ake pogawana. Magulu ambiri alinso ndi thumba lapadera lothandizana pa maliro ndi matenda. Kuipa kwake ndi kwakuti nthawi yobweza ndi yaifupi. Komanso magulu ambiri amagawana mu Disembala, choncho mu Januwale m'bokosi mumakhala ndalama zochepa pomwe ofuna kubwereka ali ambiri. Gulu la alimi a mpunga lingasankhe kuyamba kusonkha mu Juni, ndalama zokolola zili m'manja, kuti pofika nthawi yowokera m'bokosi mukhale kanthu.

*2. Chipereganyu*

Apa anthu amasonkha ndalama zofanana n'kumapatsa munthu mmodzi, mosinthana, mpaka aliyense atalandira. Palibe chiwongoladzanja. Njirayi imathandizanso omwe chipembedzo chawo sichilola chiwongoladzanja, monga Asilamu, omwe ndi ambiri kwa Malengachanzi ndi m'madera ena a m'mphepete mwa nyanja. Gwirizanani pachiyambi kuti wolandira mu Disembala kapena Januwale ndani, ndipo lowani ndi anthu okhawo omwe mukuwadziwa bwino, chifukwa woyamba kulandira akasiya kusonkha, otsalawo ndi omwe amaluza.

*3. SACCO*

SACCO ndi kopaletivi yosunga ndi kubwereketsa ndalama, yomwe eni ake ndi mamembala. Ma SACCO ambiri m'dziko muno ali pansi pa bungwe la MUSCCO, lomwe linakhazikitsidwa mu 1980, ndipo amayendetsedwa motsatira lamulo la 2011 la makopaletivi a zachuma. Kuti mubwereke muyenera kulowa umembala, kugula masheya ndi kusunga ndalama kwa miyezi ingapo. Kukula kwa ngongole kumatengera zomwe mwasunga. Nthawi yobweza imakhala yotalikirapo kusiyana ndi ya banki mkhonde, choncho SACCO imayenerera zinthu monga kugula pampu yothirira kapena ng'ombe zapangolo. Koma si malo othamangirako tsiku lomwe vuto lagwa. Lowani mukangokolola kuti podzafika dzinja mukhale mutakwanitsa zofunika.

*4. Mabungwe obwereketsa ndalama zing'onozing'ono*

Awa ndi mabungwe monga MicroLoan Foundation, FINCA, VisionFund ndi CUMO. Bungwe la MicroLoan Foundation linayamba ntchito yake ku Nkhotakota komwe kuno mu 2002, ndipo limabwereketsa amayi omwe ali m'magulu. Mabungwe otere amayenera kulembetsedwa ndi banki yaikulu ya dziko lino, Reserve Bank of Malawi, motsatira lamulo la 2010.

Ambiri amabwereketsa kudzera m'magulu. Mmodzi akalephera kubweza, gulu lonse limamubwezera, choncho sankhani anzanu mosamala. Ngongole zambiri za mabungwewa ndi za bizinesi, zobweza pa sabata ziwiri zilizonse kapena pamwezi. Ngati mukufuna ya ulimi, nenani poyera ndipo funsani ngati pali ngongole yoyamba kubweza mutakolola.

*5. Ngongole za boma*

Boma limabwereketsa kudzera ku bungwe lomwe limadziwika ndi mayina a NEEF ndi MEDF. Ndalamazi zikhoza kuchedwa kutuluka, choncho musadalire kuti zifika tsiku lomwe mukufuna kuthira feteleza. Dziwaninso kuti iyi ndi ngongole ngati ina iliyonse. Si mphatso, ndipo iyenera kubwezedwa.

*6. Katapila ndi ngongole yobweza ndi mpunga*

Wakatapila amapereka ndalama tsiku lomwelo, koma amafuna K50 kapena K100 pa K100 iliyonse pamwezi. Mukachedwa, chiwongoladzanja nacho chimabereka china. Ena amasunga khadi ya kubanki kapena chiphaso cha unzika cha wobwereka.

Palinso katapila wobisika. Mavenda ena amapereka ndalama mu Januwale kapena Febuluwale kuti mudzabweze matumba a mpunga wosapuntha mukakolola. Chifukwa choti satchula chiwongoladzanja, alimi ambiri amaona ngati awathandiza. Werengerani mtengo wa thumbalo nthawi yokolola kuti muone zomwe mwataya.

Kuwerengera mtengo weniweni wa ngongole

Manambala otsatirawa ndi zitsanzo chabe zophunzirira. Ikanimo manambala omwe akuuzani kumene mukubwereka.

Tiyerekeze kuti mwabwereka K100,000.

- Ku banki mkhonde ya K20 pa K100 pamwezi, mukamapereka K20,000 mwezi uliwonse n'kubweza K100,000 mwezi wachitatu, mwabweza K160,000. Mukapanda kupereka kanthu ndipo gulu n'kumawonjezera chiwongoladzanja pa ngongole, imakhala K120,000, kenako K144,000, kenako K172,800.
- Kwa wakatapila wa K50 pa K100 pamwezi, imakhala K150,000 mwezi woyamba, K225,000 wachiwiri, K337,500 wachitatu.
- Ku bungwe lofuna K5 pa K100 pamwezi kwa miyezi 6, chiwongoladzanja chowerengera pa K100,000 yonse ndi K30,000. Ngati adula K5,000 yolembetsera musanalandire, m'manja mwanu mwalowa K95,000 koma mubweza K130,000. Mtengo weniweni wa ngongoleyo ndi K35,000.
- Kwa venda, ngati wakupatsani K30,000 pa thumba limodzi, ndipo pokolola thumbalo likugulitsidwa K60,000, mwabweza kawiri zomwe munalandira m'miyezi inayi yokha.

Mukapeza ndalama zonse zobweza, zisandutseni matumba. Ngati mubweza K160,000 ndipo thumba ndi K60,000, ndiye kuti matumba pafupifupi atatu si anu. Powerengera gwiritsani ntchito mtengo wotsika wa nthawi yokolola, chifukwa wangongole amagulitsa nthawi yomwe aliyense akugulitsa. Gwiritsaninso ntchito zokolola za chaka chovuta, osati za chaka chomwe munapata kwambiri. Ngati zotsala sizikwanira chakudya ndi mbewu, chepetsani ngongoleyo kapena isiyeni.

Mitengo ya zipangizo imasinthanso. Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya katundu wochokera kunja monga feteleza inakwera. Funsani mtengo wa lero kusitolo musanatchule ndalama zomwe mukufuna kubwereka, ndipo mukalandira gulani zipangizozo msanga.

Mafunso ofunsa musanasaine kapena kudinda chala

1. Ndilandira ndalama zingati m'manja mukachotsa zonse zomwe mumadula?
2. Ndibweza zingati zonse pamodzi?
3. Ndiyamba liti kubweza, ndipo ndizibweza kangati?
4. Ndikachedwa tsiku limodzi kapena sabata, chindapusa ndi zingati?
5. Ndikabweza msanga, chiwongoladzanja chimachepa?
6. Chikole ndi chiyani, ndipo mungachitenge pakachitika chiyani?
7. Wobwereka akamwalira, kapena munda ukakokoloka ndi madzi, ngongole imatani?

Pemphani kuti mayankho alembedwe, ndipo sungani pepala lanu la mgwirizano. Ngati simutha kuwerenga, pitani ndi munthu yemwe mumamukhulupirira. Musasaine pepala lomwe malo ena sanalembepo kanthu. Nthawi iliyonse mukabweza, landirani lisiti kapena onetsetsani kuti zalembedwa m'kabuku kanu. Mukabweza kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, musafufute uthenga wotsimikiza.

Za chikole ndi achinyengo

Musapereke ngati chikole chinthu chomwe banja limadyerapo: munda, dimba, bwato, ukonde kapena malata a nyumba yomwe mukugonamo. Malo a makolo ali ndi eni ake ambiri, ndipo kuwapinyolitsa mwamseri kumabweretsa milandu kwa amfumu. Mwamuna ndi mkazi akambirane ngongole isanatengedwe, chifukwa odzalanda katundu sasankha kuti mbale ndi za ndani.

Musapatse munthu aliyense nambala yanu yachinsinsi ya pafoni kapena ya kubanki. Chenjerani ndi oimba foni kapena oyenda m'midzi omwe amati mutumize kaye ndalama kuti ngongole yanu ituluke. Wogwira ntchito ku bungwe lenileni amakhala ndi chiphaso cha ntchito, ofesi yodziwika ndi malisiti. Musabwerekerenso munthu wina m'dzina lanu. Iye akathawa, ngongoleyo ndi yanu.

Mukaona kuti kubweza kuvuta

Madzi osefukira omwe anavuta ku Dwangwa kumapeto kwa Febuluwale 2024 anasonyeza kuti munda ukhoza kuwonongeka usiku umodzi ngongole ili chikhalire. Zotere zikachitika, musathawe ndipo musabisale. Pitani kwa okubwereketsani tsiku lobweza lisanafike, fotokozani zomwe zachitika, ndipo pemphani kuti akuwonjezereni nthawi. Mlangizi wa zaulimi kapena amfumu angachitire umboni za kuwonongeka kwa mbewu. Perekani zochepa zomwe muli nazo ndipo zilembedwe.

Musatenge katapila kuti mubweze ngongole ya ku banki mkhonde, kapena kubwereka ku gulu lina kuti mutseke ya gulu loyamba. Umu ndi momwe ngongole ya K50,000 imathera pa kugulitsa mbuzi zonse. Mabungwe olembetsedwa amatumizanso mbiri ya obwereka ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole, choncho kuthawa ngongole imodzi kungakutsekereni mwayi kwina.

Ngati bungwe lolembetsedwa lakudulani ndalama zomwe simunagwirizane, yambani mwadandaula ku ofesi yawo. Zikakanika, dandaulo likhoza kupita ku Reserve Bank of Malawi. Wokuopsezani kapena wolanda katundu mwachiwawa mukamunene kupolisi.

Ntchito ya mlimi wotsogolera

Mlimi wotsogolera angathandize gulu lake m'njira izi:

- Kuchititsa msonkhano wowerengera zofunika za dzinja mu Seputembala kapena Okutobala, mavuto a ndalama asanafike.
- Kuphunzitsa kuwerengera ngongole m'matumba a mpunga kapena a chimanga.
- Kuonetsetsa kuti ndalama za banki mkhonde zikuwerengedwa pamaso pa onse, ndipo makiyi a bokosi ali ndi anthu osiyana ndi wosunga bokosilo.
- Kulimbikitsa kugula zipangizo pamodzi ndi kugulitsa mpunga pamodzi kudzera ku kalabu kapena kopaletivi.
- Kupewa kusunga ndalama za gulu yekha kapena kulandira kangachepe kuchokera kwa obwereketsa.

Komwe mungapeze thandizo

Funsani mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu kapena pitani ku ofesi ya EPA yomwe muli nayo pafupi, monga ya Linga, Zidyana kapena Nkhunga. Pa nkhani yoyambitsa kapena kukonza malamulo a banki mkhonde, alangizi a chitukuko cha m'midzi ku khonsolo ya boma la Nkhotakota ndi omwe amathandiza. Popita kumeneko tengani pepala lomwe mwalembapo zinthu zitatu: ndalama zomwe mukufuna, ntchito yake, ndi mwezi womwe mukuyembekezera kupeza ndalama zobwezera.