Nthambo zomwe zinalambalala malokeshoni a Harare

Chifikireni intaneti ya setilaiti ya Starlink m'dziko la Zimbabwe mu Seputembala 2024, pali mawu amene afala m'makombi ndi m'misika ya Mbare, Highfield ndi Glen View. Akuti nthawi ya nthambo yatha, intaneti tsopano ikutsika kuchokera kumwamba. Ine mawuwa sindiwavomereza. Mayi wa ku Mufakose amene akufuna kalata ya kubadwa ya mwana wake sathandizidwa ndi kambale kamene kali padenga la neba. Kompyuta ya kalaliki wa ku ofesi ya zitupa iyenera kulankhulana ndi kompyuta yaikulu ya boma, ndipo nthawi zambiri uthengawo umayenda m'nthambo zikuluzikulu zimene makampani a intaneti amalumikizirana. Zikakhala kuti nthambozo sizinafike ku ofesiyo, kapena zaduka, mayi uja amauzidwa kuti netiweki yagwa, abwerenso mawa.

Nkhaniyi imatikhudza ife olankhula Chichewa kuposa mmene ambiri amaganizira. Ku Mbare, Mufakose, Mabvuku, Tafara ndi Dzivarasekwa kuli ana ndi zidzukulu za anthu amene anachoka ku Nyasaland, ku Tete ndi kum'mawa kwa Zambia kudzagwira ntchito ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare. Ambiri anakhala zaka ali ndi zitupa zowatchula kuti ndi alendo. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anavomereza kuti wobadwira m'Zimbabwe kwa makolo ochokera m'maiko a SADC ndi nzika, ndipo anaika Chichewa m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka. Koma ufulu wolembedwawo umafuna chitupa chatsopano, ndipo chitupacho chimatuluka m'kompyuta.

Nthambo yoyamba ya telegalafu inafika ku Salisbury mu 1892. M'zaka zomwezo kampani ya Cecil Rhodes inayamba kukoka ina yodzera ku Tete kupita ku Blantyre. Cholinga chinali kulumikiza bwanamkubwa ndi bwanamkubwa mnzake, ofesi ndi ofesi. Lokeshoni ya Harari, imene lero ndi Mbare, itakhazikitsidwa mu 1907, inali malo ogona antchito basi, ndipo palibe amene ankaona chifukwa chofikitsako lamya. Bungwe la PTC linatenga ntchito za positi ndi matelefoni mu 1970, ndipo mu 1985 dziko linatsegula siteshoni yake ya setilaiti ku Mazowe kuti mauthenga akunja asamadalire South Africa.

Kampani yoyamba yogulitsa intaneti m'Zimbabwe inayamba ntchito mu 1994. Mu 1997 PTC inamanga njira yaikulu imodzi ya dziko lonse, ndipo makampani ang'onoang'ono ankagula mphamvu kwa iyo n'kumagulitsa kwa makasitomala awo. Chaka chomwecho kunabadwa ZARNet, yolumikiza masukulu ndi mabungwe ofufuza. Mu 1999 boma linayamba kuika kayendetsedwe ka ndalama zake pakompyuta, kuti unduna ulionse uzilemba zolowa ndi zotuluka pamalo amodzi. Pambuyo pa lamulo la 2000, PTC inagawidwa n'kukhala TelOne, NetOne ndi Zimpost, ndipo bungwe la POTRAZ linapatsidwa udindo woyang'anira onse. Maganizo a njira imodzi yogawana anali abwino. Dziko losauka silingakwanitse kuti aliyense azimanga yake. Vuto linali lakuti khomo lalikulu lotulukira kunja linali limodzi, la setilaiti, ndipo lendi yake inkalipidwa m'madola a ku America.

Zimene zinachitika mu Seputembala 2006 zinalembedwa bwino m'nyuzi za nthawiyo, ndipo n'zoyenera kuzikumbukira. Mitengo ya zinthu inali ikukwera ndi maperesenti oposa 1,000 pachaka. Mwezi wa Ogasiti ndalama ya dziko inali itangochotsedwa maziro atatu. Makasitomala ankalipira matelefoni ndi intaneti m'madola a Zimbabwe amene ankatha mphamvu asanafike n'komwe ku banki, pamene mwini setilaiti kunja ankafuna ndalama yolimba. Ngongole itafika pafupifupi madola 700,000 a ku America, mwini setilaitiyo anatseka mbali yaikulu ya njira. Makampani ogulitsa intaneti ananena kuti mauthenga anatsika ndi maperesenti pafupifupi 90. Imelo inkatenga masiku kuti ifike. Maofesi a boma, mabizinesi, masukulu ndi timashopu ta intaneti tam'tauni, kumene achinyamata a m'malokeshoni ankapita kukalembera abale ku Joni ndi ku London, zambiri zinakhudzidwa pamodzi chifukwa zinkadalira khomo lomwelo. Kusowa kwa ndalama zakunja kunafika poti anthu a matelefoni anayamba kupangana ndi alimi a fodya ndi thonje kuti mbewuzo zigulitsidwe kunja, papezeke madola olipirira setilaiti. Njirayo inatsegulidwanso ngongole italipidwa.

Madola 700,000 si ndalama yoti n'kuimitsa dziko lathunthu. Chimene chinaliimitsa ndi kusowa kwa njira ina yothawirako. Phunziro loona linali lakuti njira yogawana ikhale ndi makomo angapo, ndiponso kuti mauthenga a m'dziko momwemo asamazungulire kunja. Koma phunziro limene ambiri anatolapo linali lina: usadalire mnzako, kumba ngalande yako.

Mwayi wokumbawo unabwera msanga. Mu 2009 Zimbabwe inayamba kugwiritsa ntchito dola ya ku America, ndipo chaka chomwecho nthambo ya pansi pa nyanja ya SEACOM inayamba kugwira ntchito m'gombe la kum'mawa kwa Africa. Nthambo ina yotero, ya EASSy, inatsatira mu 2010. Nthambo za faiba zinakokedwa kuchoka ku Harare kupita ku Mutare kukakumana ndi za ku Mozambique, zina kudzera ku Bulawayo ndi Plumtree kulowa m'Botswana, zina ku Beitbridge ndi Chirundu. Imeneyi inali ntchito yaikulu ndipo inatsitsa mtengo wa intaneti. Amene ankakhala mu Harare zaka zimenezo akukumbukira ngalande m'mbali mwa misewu, anyamata a mapiki ndi mafosholo, ambiri a iwo ochokera m'malokeshoni momwemo. Akukumbukiranso kuti gulu lina likangokwirira, lina linkabwera kudzakumba pafupi pomwepo. Msewu umodzi wa pakati pa tauni unkatha kukhala ndi nthambo za eni osiyanasiyana zogona moyandikana, zonse zikulowera kumabanki, kumaofesi aakulu ndi kumadera a anthu opeza bwino kumpoto kwa mzinda. Ndalama imene inathera pobwereza njira imodzimodziyo ikanafikitsa faiba ku kiliniki ndi sukulu za Budiriro, Kuwadzana ndi Glen Norah.

Sindikunena kuti panali munthu woipa mtima. Wamalonda amakumba kumene kuli wolipira, ndipo pa nthawiyo panalibe chomukakamiza kubwereketsa ngalande yake. Malamulo ogawana nsanja ndi ngalande anatuluka mu 2016, ntchito yaikulu yokumba itachitika kale. Amene anali atawononga zambiri sanasangalale kugawana ndi amene sanaikepo kanthu, ndipo kudandaula kwawo kunali ndi mfundo. Lamulo likachedwa, limapeza aliyense atamanga kale mpanda.

Zaka zotsatira zinabweretsa zinthu zenizeni. Mu 2017 kunatsegulidwa malo osinthanirana mauthenga mu Harare, kuti uthenga wochoka ku kampani ina kupita ku inzake usamakwere ulendo wa ku Johannesburg kapena ku Ulaya. Ngongole ya madola 98 miliyoni yochokera ku China Exim Bank inakulitsa njira ya TelOne mpaka ku Beitbridge, ndipo ntchitoyo inatsegulidwa mu 2019. Mu 2021 boma linatsegula nyumba yaikulu yosungiramo makompyuta ake, ndipo kumapeto kwa chakacho linayamba mapasipoti a makono. Ku Malawi ulendo ndi wofanana: malo osinthanirana mauthenga anatsegulidwa ku Blantyre mu 2008, ndipo kampani ya magetsi ya ESCOM inakoka faiba pamitengo ya magetsi kulumikiza maboma. Pa 12 Meyi 2024, SEACOM ndi EASSy zitaduka tsiku limodzi, Malawi, Mozambique ndi Tanzania anaona okha kufunika kwa makomo ambiri.

Pakati pa dziko ndi m'malire zinthu zalimba tsopano. Chatsala ndi makilomita omaliza. Zili ngati paipi yaikulu ya madzi yodzaza bwino imene sinalumikizidwe kumipopi ya m'makomo. M'malokeshoni ambiri intaneti ya anthu ndi ya pafoni, yogula timabando ta WhatsApp. Nthambo zakale za kopa zakhala zikubedwa kambirimbiri. Mu 2019 magetsi ankazima mpaka maola 18 patsiku, ndipo makina a netiweki opanda batire kapena sola amazima nawo limodzi. Ofesi yaing'ono ikasowa kulumikizana kodalirika, ntchito imabwerera papepala, kapena munthu amatumizidwa kutauni. Gogo amene anabadwira ku Mabvuku, makolo ake ochokera ku Dedza, amalipira kombi kupita ndi kubwera, kuima pamzere kuyambira mbandakucha, chifukwa cha mtunda wochepa wa nthambo umene sunakumbidwe.

Setilaiti ili ndi ntchito yake, makamaka kumidzi yakutali ndiponso ngati njira yothawirako faiba ikaduka. Koma patangopita nthawi yochepa chiyambireni Starlink, malo a makasitomala atsopano mu Harare anadzaza, chifukwa setilaiti imalemedwa pamene anthu achulukana. Malokeshoni ndiwo malo ochulukana kwambiri, ndipo ndi kumene faiba imodzi ingathandize anthu zikwizikwi pa mtunda waufupi. Thumba la Universal Services Fund, limene makampani a matelefoni amasonkhamo, linathandiza kale kutsegula malo a makompyuta m'mapositi ofesi. Pempho langa kwa oyendetsa thumbali ndi kwa makhansala ndi lakuti ngalande yotsatira ikumbidwe kamodzi, ikhale ya onse, ndipo iyambire ku kiliniki, ku sukulu ndi ku ofesi ya zitupa ya m'lokeshoni.