Mtunda wa pakati pa Mambwe ndi Chithandizo cha Matenda Okhumudwa

Mbiri ya chisamaliro cha odwala maganizo m'boma la Mambwe, m'chigwa cha Luangwa, kwenikweni ndi mbiri ya mtunda umene wodwala ankayenda kuti apeze thandizo. Pakati pa Akunda, amene amakhala m'madera a mafumu Nsefu, Jumbe, Kakumbi, Malama, Mnkhanya ndi Msoro, munthu wosweka mtima ankasamalidwa poyamba ndi abale ake, ndipo vuto likakula ankapita naye kwa sing'anga, yemwe ankafufuza ngati gwero lake linali ufiti, mkwiyo wa mizimu kapena mashawe, ndiko kuti mizimu yogwira munthu imene ankaitonthoza ndi ng'oma ndi magule. Ngakhale kuti njirazi sizinkachiza aliyense, zinkasunga wodwalayo pakati pa anthu ake, mosiyana ndi zimene zinadza pambuyo pake.

Boma la atsamunda linkaona matenda a maganizo ngati nkhani ya chitetezo, kotero kuti amene ankatengedwa anali omwe ankaoneka oopsa, ndipo ambiri ankasungidwa m'ndende, pamene ena ankatumizidwa ku chipatala cha Ingutsheni ku Bulawayo, chimene chinatsegulidwa mu 1908. Ku Nyasaland nakonso malo osungirako amisala anayambira m'ndende yaikulu ya Zomba mu 1910. Chipatala cha Chainama Hills ku Lusaka chitatsegulidwa mu 1962, odwala a ku Northern Rhodesia anapeza malo m'dziko lawo, koma kwa munthu wa kuchigwa ulendo unali wautalibe, chifukwa ankayenera kukwera mapiri mpaka ku Fort Jameson, komwe lero ndi Chipata, kenaka n'kuyenda makilomita oposa 500 pa msewu wa Great East.

M'dongosolo lotereli, odwala matenda okhumudwa, omwe anthu amawatchula kuti kuganiza kwambiri, ndiwo ankaiwalika koposa. Matendawa amadziwika pamene munthu akhala wachisoni kwa masabata awiri kapena kuposerapo, osasangalala ndi kanthu, osagona bwino, osafuna kudya, nthawi zina mpaka kulakalaka imfa. Koma popeza wodwalayo sasokoneza mudzi, ankangoyesedwa waulesi kapena wamsunamo, munda wake n'kumera thengo popanda wozindikira kuti akudwala.

Pa nthawi yomweyo, madokotala a maiko ena ankafunafuna njira zofikira ubongo weniweniwo. Mu 1938 Ugo Cerletti ndi Lucio Bini ku Rome anayamba kuchiza odwala podutsitsa magetsi m'mutu, ndipo mu 1957 Roland Kuhn wa ku Switzerland anaonetsa kuti mankhwala a imipramine amachepetsa kukhumudwa. Njira ya maginito inayamba mu 1985, pamene Anthony Barker ndi anzake ku Sheffield anasonyeza kuti waya wokulunga, ukaikidwa pamutu n'kudutsamo magetsi mwadzidzidzi, umatulutsa mphamvu ya maginito imene imadutsa chigaza popanda kucheka paliponse n'kudzutsa timinyewa ta ubongo. Pochiza kukhumudwa, mphamvuyi imalunjikidwa mobwerezabwereza kutsogolo kwa ubongo, makamaka mbali ya kumanzere, imene imathandiza kuwongolera mmene munthu akumvera. Mu 2008 bungwe la FDA ku America linavomereza njirayi kwa odwala amene mapiritsi sanawathandize. Wodwala sagonekedwa tulo ndipo amabwerera kwawo tsiku lomwelo, ngakhale kuti ena amamva mutu, ndipo ochepa kwambiri amagwidwa ndi khunyu.

Komabe njirayi imafuna kuti wodwala afike kuchipatala masiku asanu pa sabata kwa masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, imafunanso magetsi osazimazima ndi akatswiri oyendetsa makina odula. Kwa mlimi wa thonje wa ku Msoro, amene misewu yake imaduka m'nyengo ya dzinja, kapena mayi wa ku Mfuwe amene ali makilomita oposa 100 kuchokera ku Chipata, vuto lakale la mtunda limabwereranso m'maonekedwe atsopano.

Kusintha kumene kungafike msanga kuchigwa kunayambira m'malamulo. Mu 2017 khoti lalikulu la Zambia linagamula kuti mawu onyoza amene lamulo la atsamunda linkatchulira odwala maganizo ankatsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko, ndipo mu 2019 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano lolimbikitsa ufulu wa odwala ndi chithandizo cha pafupi ndi kwawo. Ku Harare, ntchito ya Friendship Bench, imene Dixon Chibanda anayambitsa mu 2006, inaonetsa kuti agogo ophunzitsidwa kumvetsera ndi kulangiza angathe kuchepetsa kukhumudwa. Makina a maginito ali ndi malo ake kwa amene zonse zawakanika, koma wodwala wa ku Mambwe adzathandizika poyamba ngati namwino wa pachipatala cha Kamoto kapena pachipatala chaching'ono cha kumudzi atha kuzindikira matendawa, ali ndi mankhwala okwanira, ndiponso ali ndi nthawi yomumvetsera.