Masheya Otchipa a Stratton Oakmont

Kampani ya Stratton Oakmont, imene Jordan Belfort ndi Danny Porush ankayendetsa ku Long Island, New York, kuyambira mu 1989, inkagulitsa masheya otchipa, aja osafika madola 5 imodzi. Chinyengo chake chinagona pa mtengo. Masheya a kampani yaing'ono amagulidwa ndi anthu ochepa, choncho amene wagwira ochuluka ndiye amalamula mtengo. Eni Stratton ankabisa masheya ambiri m'maina a anzawo, kenako anyamata awo mazanamazana ankaimbira anthu mafoni tsiku lonse kuwaumiriza kugula. Mtengo ukakwera, eniwo ankagulitsa masheya awo, mtengo n'kutsika, ogula n'kutsala manja ali m'khosi. Ngakhale masheya a kampani ya nsapato ya Steve Madden, atangolowa pa msika mu 1993, anawaseweretsa mtengo.

Ena amati ogulawo anadziputira okha chifukwa cha dyera. Inde, ankafuna phindu, monga aliyense wolowa pa msika. Koma munthu angachenjere bwanji pamene womuuza mtengo ndi yemweyo amene akuupanga? Choipitsitsa n'chakuti ogula akafuna kugulitsa, anyamatawo ankawazengereza kapena kuwakaniza, kuti mtengo usagwe eni ake asanatulukemo. Apa dyera la wogula silikhalanso nkhani, chifukwa khomo linali lotsekedwa. Bungwe la NASD, lomwe linkayang'anira makampani ogulitsa masheya, linachotsa Stratton pa malondawa mu 1996. Belfort anavomera milandu mu 1999, anakhala m'ndende miyezi 22, ndipo khoti linamulamula kubweza madola 110.4 miliyoni kwa anthu oposa 1,500.