Ulendo wa agogo ndi mdzukulu ku Roma

Kwa Akatolika achikulire a ku Phalombe, ulendo wokapemphera ku Roma m'dziko la Italy umapepuka akatsagana ndi mdzukulu wamkulu, popeza mtolo wake wagona pa zikalata ndi kuyenda pansi.

Aliyense amafunika pasipoti yake ndi viza ya Schengen. Pasipotiyo ikhale yogwirabe ntchito kwa miyezi itatu kuchokera tsiku lobwerera, ndipo inshuwalansi ya zaumoyo isachepere ma euro 30,000. Kazembe wa Italy woyang'anira Malawi amakhala ku Lusaka.

Ochokera ku Phalombe amakwerera pa Chileka, kudzera ku Addis Ababa, mpaka pabwalo la Fiumicino. Pogula tikiti, mdzukulu apemphe njinga yoyendetsera agogo pabwalo. Mankhwala a shuga kapena BP akhale m'chikwama cham'manja limodzi ndi kalata ya dokotala, chifukwa katundu wamkulu amatha kuchedwa.

Kawirikawiri Papa Leo XIV amakumana ndi alendo Lachitatu ku Vatican. Matikiti ake ndi aulere, koma amapemphedwa pasadakhale. Kukwera pamwamba pa tchalitchi cha Petulo Woyera ndi masitepe 551, ndipo wokwera chikepe amatsalabe ndi 320. M'miyezi ya July ndi August kumatentha kwambiri, choncho okalamba ndi bwino kuipewa.