Namasupuni: mmene DNA yaululira ulendo wake

Namasupuni ndi chomera choyandama pamadzi, cha masamba ochindikala, mapesi otupa ndi maluwa okongola a mtundu wa pepo. Akatswiri a zomera akhala akumutcha Eichhornia crassipes, ndipo kuyambira mu 2018 ambiri amati Pontederia crassipes. Kwawo ndi ku South America, makamaka m'chigwa cha Amazon, koma lero wadzaza mitsinje ndi nyanja za ku Africa, Asia, Australia ndi North America.

Mmene adafalira

Adamufalitsa ndi anthu okopeka ndi duwa lake. Mbiri imati adaonetsedwa pa chionetsero cha ku New Orleans, m'dziko la United States, mu 1884, ndipo mu 1894 adafika m'munda wa zomera wa ku Bogor pa chilumba cha Java. Pa nyanja ya Victoria adaoneka kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo pasanathe zaka khumi adatseka doko la Kisumu. Kuno ku Malawi ali mu mtsinje wa Shire, pakati pa zomera zomwe zimachotsedwa pa baraji ya Liwonde kuti zisakatseke makina opangira magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira.

Zomwe DNA idaonetsa

Namasupuni amachulukana kwambiri potulutsa mphukira, ndipo madzi akakhala ofunda ndi achonde amatha kuwirikiza kawiri m'masabata awiri. Mphukirazo zimatenga chibadwa chonse cha kholo, monga zimakhalira ndi chinangwa kapena nzimbe zobzala kuchokera ku phesi limodzi. N'chifukwa chake DNA imathandiza kulondola chomerachi: zomera ziwiri zikafanana ndendende, ngakhale zili m'maiko otalikirana, ndiye kuti zidachokera pa tsinde limodzi.

Mu 2010, akatswiri atatu, mmodzi mwa iwo Spencer Barrett wa ku yunivesite ya Toronto, adasindikiza zotsatira za kafukufuku wotere m'magazini ya Molecular Ecology. Adayeza DNA ya zomera 1,140 zotengedwa m'malo 54 padziko lonse, ndipo adapeza mitundu ya chibadwa 49 yokha. M'maiko omwe namasupuni ndi mlendo, malo pafupifupi 80 pa 100 aliwonse anali ndi mtundu umodzi basi. Mtundu wina, womwe udapezekanso m'malo awiri a ku Peru, unali ndi zomera pafupifupi 71 pa 100 zilizonse zomwe adayeza. Koma za ku Bangladesh ndi Indonesia zinali zosiyana nawo, kusonyeza kuti chomerachi chidatuluka kwawo maulendo angapo.

Maluwa nawo amachitira umboni. Namasupuni ali ndi mitundu itatu ya duwa, yosiyana kutalika kwa kachiwalo kolandira mungu. Ku South America itatu yonseyi ilipo, pomwe kumaiko ena kwachuluka wa kachiwalo kapakatikati, ndipo wa kachiwalo kakafupi sapezekako.

Phindu la kudziwa izi

Choyamba, zikusonyeza kuti tchire lomwe laphimba nyanja likhoza kuyamba ndi zomera zochepa chabe. Kusamutsa tsinde limodzi kukalikongoletsera padamu, kapena kulikoka ndi ukonde kupita nalo kumtsinje wina, n'kokwanira kuyambitsa vuto.

Chachiwiri, kudziwa gwero kumalozera kokafuna adani achilengedwe a chomerachi. Anankafumbwe awiri a ku South America, Neochetina eichhorniae ndi Neochetina bruchi, amadya masamba ake ndipo mphutsi zawo zimaboola mapesi. Adatumizidwa kumaiko ambiri, kuphatikizapo Malawi m'zaka za m'ma 1990.

Chachitatu, kafukufukuyu adapeza kuti malo 9 mwa 47 akunja kwa kwawo anali ndi mitundu yosakanikirana, chizindikiro chakuti kwinako namasupuni amameranso kuchokera ku njere. Njerezo zimatha kukhala m'matope zaka zoposa 20 zili zamoyo, choncho malo omwe achotsedwa namasupuni amafunika kuwayang'anirabe kwa zaka zambiri.